Kaya wa kuno, kaya wa kwina: mafunso ndi mayankho pa liwu limodzi lomveka m'zinenero zambiri

Ulendo wanga woyamba wa ku Mzuzu ndinakhala mpando umodzi ndi mayi wina wachikulire amene anakwera basi pa Jenda, dengu la tomato lili pamiyendo. Pofuna kucheza, ndinawafunsa kuti, "Amayi, mukupita kuti?" Iwo anangoti, "Kukaya, mwana wane." Khutu langa linatola "kaya" yekha, ndipo ndinakhala chete kuganiza kuti andikaniza nkhani. Chonsecho mayiwo anali atandiyankha bwinobwino m'Chitumbuka kuti akupita kwawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikudzifunsa chiyambire tsiku limenelo, komanso amene anzanga amandiponyera nkhaniyi ikabuka.

M'Chichewa, kaya amatanthauza chiyani kwenikweni?

Ndi kaliwu kochepa koma kantchito zambiri. Mwana mukamufunsa kumene kwapita mpeni, akagwedeza mapewa n'kunena kuti "Kaya," wakuuzani kuti sakudziwa. Pamalonje timati "Ndili bwino, kaya inu?" ndipo apa tikubweza funso. Tikati "kaya igwe kaya isagwe, ine ndibzala," tikuika zinthu ziwiri pambalimbali n'kunena kuti zonse n'chimodzimodzi. Palinso "kaya zanu izo," mawu a munthu amene wakuchenjezani mpaka kutopa ndipo tsopano wasamba m'manja.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kaya wathuyu si dzina la chinthu. Sitinena kuti kaya wamkulu kapena makaya awiri. Simungamuloze, simungamugule, simungapiteko.

Nanga kukaya kwa Atumbuka n'kogwirizana ndi kaya wathuyu?

Kumveka ndiye n'kofanana, koma kagwiridwe ntchito n'kosiyana kotheratu. Kaya wa Chitumbuka ndi dzina, kutanthauza mudzi kapena kwawo kwa munthu, n'chifukwa chake amalandira ku- n'kukhala kukaya monga momwe mudzi umakhalira kumudzi. Abale ake enieni ali kwina, ndipo ndi ambiri. Azulu ndi Axhosa amati ikhaya, ndipo amene mwakhalako ku Cape Town mukudziwa Khayelitsha, dera limene boma latsankho linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1980, dzina lake kutanthauza mudzi watsopano. Atsonga amati kaya. Ku Tanzania, kalembera akamachitika amawerenga kaya, kutanthauza banja lodyera m'phika umodzi.

Kugombe la Kenya liwuli ndi lolemera kuposa pamenepo. Mitundu isanu ndi inayi yotchedwa Mijikenda, monga Agiriama, Adigo ndi Aduruma, kale inkakhala m'midzi yotchingidwa m'kati mwa nkhalango zowirira, ndipo mudzi uliwonse wotero unkatchedwa kaya. Anthu atasamuka, nkhalangozo zinatsala ngati malo opatulika a makolo, osadulamo mtengo mwachisawawa, akulu okha ndiwo osunga mwambo wake. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Dzina loti Mijikenda nalonso musalidumphe: miji ndi midzi yathu yomweyi, kenda ndi zisanu ndi zinayi.

Onsewa ndi ana a liwu limodzi lakale la chinenero chimene makolo a zinenero za Chibantu ankayankhula. Ife Achewa, pofuna kunena chinthu chomwecho, timati mudzi kapena kwathu.

Kunja kwa Africa aliponso?

Alipo, ochuluka mpaka kudabwitsa.

Ku Turkey kaya ndi thanthwe. Lamulo la mu 1934, nthawi ya Mustafa Kemal Atatürk, litalamula kuti nzika iliyonse ikhale ndi dzina la banja, ambiri anasankha limeneli, moti lero Kaya ali m'gulu la mayina ofala kwambiri kumeneko pamodzi ndi Yılmaz ndi Demir.

Ku Malaysia ndi Indonesia kaya ndi kulemera, ndipo orang kaya ndi munthu wachuma. Komweko ndi ku Singapore, kaya ndi jamu wophikidwa ndi madzi ofinya m'kokonati, mazira, shuga ndi masamba onunkhira a pandan, wopaka pabuledi wootcha nthawi ya kadzutsa.

Ku Philippines, m'Chitagalogi, kaya ndi kutha kuchita chinthu, ndipo ukasintha katchulidwe amakhala "choncho".

M'chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit, kāya, wokoka a woyambayo, ndi thupi, ndipo liwuli likupezekabe m'Chihindi ndi m'ziphunzitso za Abuda.

Ku Korea kunali mgwirizano wa maufumu ang'onoang'ono wotchedwa Gaya, ena amalemba Kaya, umene unamezedwa ndi ufumu wa Silla m'chaka cha 562. Ku Burkina Faso kuli tawuni ya Kaya.

Koma amene amandisangalatsa kuposa onse ndi a ku Japan, chifukwa kumeneko kaya alipo atatu m'chinenero chimodzi. Wina ndi udzu wofolera nyumba. Wina ndi mtengo wa matabwa okwera mtengo amene amasemera bolodi la masewera a go, monga mmene ife timasankhira mtengo wabwino wosemera bawo. Wachitatu ndi neti yoteteza udzudzu, ndipo ka woyambayo ndiye udzudzuwo. Ajapani ali ndi kanenedwe kakuti kaya no soto, kunja kwa neti, kunena munthu amene anzake amusiya pambali pokambirana nkhani. Aliyense amene anagonapo ku Nsanje kapena ku Nkhotakota mwezi wa Januwale neti itachepa sangafune womasulira.

Ndiye kuti onsewa anachokera kumodzi kalekale?

Ayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaterereka. Liwu likamveka mofanana m'zinenero ziwiri, njira zimene zingachititse zimenezo ndi zingapo. Mwina zinenero ziwirizo ndi zapachibale ndipo zonse zinalandira liwulo kwa kholo limodzi, monga kaya wa Atumbuka ndi ikhaya wa Azulu. Mwina chimodzi chinabwereka kwa chinzake kudzera m'malonda, chipembedzo kapena utsamunda. Mwina mawuwo akutsanzira phokoso la chinthu kapena chibwibwi cha khanda. Mwinanso zangochitika basi.

Pa makaya tatchulawa, a Chibantu otanthauza mudzi aja ndi banja limodzi. Wa ku Malaysia wa kulemera ndi wa Chitagalogi wa kutha kuchita chinthu ndi banja lina, pakuti zinenero ziwirizi ndi zapachibale, ndipo tanthauzo silovuta kulilondola: wokhoza ndi wachuma amayendera limodzi, ngakhale kwathu kuno timati "ndi opeza bwino" kapena "ndi ochita bwino". Thanthwe la ku Turkey lili palokha, thupi la ku India palokha, neti ya ku Japan payokha. Anangokumana pamsika atavala malaya ofanana.

Zingatheke bwanji kuti zifanane chonchi mwangozi?

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze chinenero chokhala ndi makonsonanti 20 ndi mavawelo 5. Maphatikizo a mtundu wa ka, ya, mo, to angatuluke 100. Mawu a maphatikizo awiri angatuluke 10,000 basi. Tsono padziko pano pali zinenero pafupifupi 7,000, chilichonse chili ndi mawu zikwizikwi, ndipo zambiri zimakonda mamvekedwe omwewo osavuta kutchula. K alipo pafupifupi paliponse, a nayenso, y chimodzimodzi. Chodabwitsa chikanakhala kuti kaya akupezeka m'Chichewa mokha.

Zimafika poti ngakhale tanthauzo limagwera pamodzi. Katswiri wa zinenero R. M. W. Dixon, pofufuza chinenero cha Mbabaram kumpoto kwa Queensland ku Australia, anafunsa liwu la galu ndipo anauzidwa kuti dog. Munthu ukhoza kuganiza kuti analibwereka kwa Angerezi. Koma zinenero zoyandikana nazo zimati gudaga ndi guda, ndipo malamulo a mmene Chimbabaram chinkadulira mawu akale akusonyeza kuti dog wawoyo anaphuka kuchokera kumeneko. M'Chiperisiya cha ku Iran bad ndi chinthu choipa monga m'Chingerezi, koma mawu awiriwa mbiri zawo n'zosiyana.

Ngakhale kaya wathu ali ndi mnzake womunamiza. Kaya wachiwiri uja wa Chitagalogi amalowanso m'mafunso a munthu wosinkhasinkha, moti "Ano kaya?" ndi ngati kunena kuti "kaya n'chiyani". Nditamva koyamba tsitsi linandinyerenyetsa. Koma pakati pa Manila ndi Mchinji palibe njira imene liwuli likanadzera.

Tsono akatswiri amadziwa bwanji kuti mawu awa ndi apachibale, awa ayi?

Sadalira liwu limodzi, ndipo sadalira khutu. Amafunafuna kusintha kwa mamvekedwe kobwerezabwereza m'mawu ambiri. Ntchitoyi pa zinenero zathu anaiyala bwino Carl Meinhof mu 1899, kenako Malcolm Guthrie anasonkhanitsa mizu ya mawu a Chibantu m'mabuku anayi amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971.

Tione Chitswana ndi Chisutu. Pamene ife tili ndi k, Atswana kawirikawiri amalemba g wotulukira kukhosi, Asutu h. Ife timati kudya, iwo go ja ndi ho ja. Ife kukama ng'ombe, iwo go gama ndi ho hama. Chaka chathu, chimene Aswahili amati mwaka, kwa Atswana ndi ngwaga. Mukaliona lamuloli katatu kanayi, mukhoza kulosera nokha mmene kaya wa mudzi angamvekere kumeneko, ndipo simungaphonye: Atswana amati gae, Asutu hae. Gae ndi kaya sizimveka mofanana, koma ndi pachibale chenicheni. Kaya wa ku Turkey amafanana ndi wa Atumbuka chilembo ndi chilembo, koma ndi mlendo.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka chimakhudza a Phiri. M'Chitswana ndi m'Chisutu muli liwu lakuti phiri, ndipo ku Soweto kuli dera la dzina limeneli. Mchewa akafika amasangalala kuti wapeza kwawo. Koma phiri wa kumeneko si Mulanje kapena Dedza ayi, ndi fisi. Liwulo m'bale wake ndi fisi wathu, fisi wa Aswahili ndi impisi wa Azulu, onse ochokera ku muzu umodzi wakale. Ndiye a Phiri mukamadzitchula mfunda ku Gaborone, anthu akamwetulira musadabwe.

Ku Ulaya nako n'chimodzimodzi. Haben wa Chijeremani ndi habere wa Chilatini onse amatanthauza kukhala ndi chinthu, ndipo ukawaona ungalumbire kuti ndi mapasa. Si mapasa. M'bale wa haben m'Chilatini ndi capere, kugwira.

Bwanji mama ndi baba, amene ali pafupifupi paliponse?

Amenewa ndi nkhani ina. Khanda likayamba kuseweretsa milomo, zoyamba kutuluka ndi ma, ba, pa, da, ta, ndipo makolo amathamangira kunena kuti mwana wandiitana. Katswiri wa zinenero Roman Jakobson anafotokoza zimenezi mu 1960. Mtundu uliwonse umagawa maphokosowo mmene wafunira. Ku Georgia mama ndi bambo, mayi ndi deda. Dada kwa Atumbuka ndi bambo, kwa Aswahili ndi mchemwali, m'Chihindi ndi agogo aamuna obereka bambo, m'Chibengali ndi achimwene aakulu. Mawu otere sangakhale umboni wa ubale wa zinenero.

Liwu lobwereka timalizindikira bwanji?

Limasiya mapazi. Pamakhala mbiri ya anthu amene anakumana, ndipo nthawi zambiri liwulo limabwera pamodzi ndi chinthu chake. Apwitikizi anali ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa iwo tinatenga nsapato kuchokera ku sapato, kalata ku carta, ganyu ku ganho, ndi mbatata ku batata. Mbatatayo nawonso Apwitikizi ndi Asipanya anachita kubwereka kwa Ataino a kuzilumba za Caribbean. Gali wa m'galimoto ndi gari wa Chiswahili, amene anachokera ku India. Ndalama akatswiri ambiri amazilondola mpaka ku dirham ya Aarabu, ndipo dirham inachokera ku drachma ya Agiriki. Taonani kuti pobwereka timalisula liwulo kuti likwane pakamwa pathu: n- ndi m- za kutsogolo kwa nsapato ndi mbatata ndi zathu.

Yerekezani ndi moto. Kwathu ndi kwa Aswahili moto ndi wophikira, liwu lakale la Chibantu. Ku Kigali mukaima pamsewu n'kunena kuti mukufuna moto, palibe akupatseni machesi, ikuimirani njinga yamoto ya kabaza, chifukwa moto wa kumeneko ndi chidule cha motocyclette wa Chifalansa. Ku Japan moto ndi chiyambi kapena gwero la chinthu. Njinga yamoto yathu ndiye yasokoneza zinthu, poti muli moto wathu koma ikumveka ngati ya Afalansa.

Kodi vuto lalikulu lili pa zinenero zakutali kapena zapafupi?

Zapafupi, mosakayika. Mukakhala ku Istanbul mumadziwiratu kuti simukumva kanthu, ndiye mumasamala. Ku Harare kapena ku Lusaka mumamva theka, n'kudzinamiza kuti mwamva zonse.

Mnzanga wina atangofika kumene ku Harare anapita kukaona achibale ake ku Mbare. Atafunsa za ana, mayi a pakhomopo anayankha mosatekeseka kuti, "Vari kutamba panze." Iye magazi anazizira. Ana akutamba, masanasana, mayi wawo n'kumanena poyera chonchi? Kwathu wotamba ndi mfiti youluka usiku. M'Chishona kutamba ndi kusewera kapena kuvina basi. Mukawoloka kupita ku Zambia, ukutamba kwa Abemba ndi kuonerera, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka chinalitenga, moti mnyamata akati akupita kukatamba bola palibe amene amamuyang'ana kawiri. Kwa Aswahili kutamba ndi kudzionetsera.

Alipo ena. Tsoka m'Chishona ndi phazi. Kupita m'Chiswahili ndi kudutsa, ndiye mukauza Mswahili kuti mukupita Dar es Salaam angaganize kuti simuimako. Kupita ameneyu ndi liwu limodzi ndithu ndi lathu, kungoti tanthauzo linapatuka panjira.

Kupatuka kotere nthawi zina kumafika patali. Gift wa Chingerezi ndi mphatso, Gift wa Chijeremani ndi poizoni, ndipo awiriwa ndi amodzi, onse ochokera ku liwu la kupatsa. Kwa Ajeremani "chopatsidwa" chinayamba kunenedwa pa mlingo wa mankhwala, kenako n'kutsalira pa mankhwala akupha. Ife sitingadabwe kwambiri, poti mankhwala athu omwewa ndi a kuchipatala, omwewanso ndi amene timati "anamuthirira mankhwala".

Ngati mawu alembedwa mofanana, ndiye kuti amatchulidwanso mofanana?

Kawirikawiri ayi, ndipo ichi chimachepetsa chidwi cha mindandanda imene imayenda pa Facebook. Zilembo za Chilatini ndi chovala chimene zinenero zambiri zinachita kuvekedwa. Kaya wa ku Japan kwawo salembedwa ndi k-a-y-a, ndipo atatu aja aliyense ali ndi kalembedwe kake. Kāya wa Sanskrit amakoka a. Ikhaya wa Azulu ali ndi mpweya pa k, monga kusiyana kwa kala ndi khala kwathu. Kaya wa Chitagalogi wa "choncho" amathera ndi kutseka kukhosi, pamene wa "kutha" amatsindika phatikizo loyamba.

Ife eni ake timachita zomwezo osazindikira. Mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa woyambayo amakwera pa te pamene wachiwiriyo amayenda pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la wosaona zimasiyananso pa kukweza ndi kutsitsa liwu. Anzathu a Chilingala ku Kinshasa ndiye ali ndi moto utatu m'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku: munthu, mutu ndi moto wophikira, ndipo chimawasiyanitsa ndi kamvekedwe.

Ine ndine wa kwa Banda, ndipo ndaona dzinali ku Indonesia ndi ku Spain. Kodi makolo athu anafikako?

Pepani a Banda, sanafikeko. Zilumba za Banda ku Indonesia ndi zenizeni, ndipo kale zinali gwero la zokometsera zakudya za nutmeg zimene Adatchi anazilimbirana mpaka kupha anthu ambiri a kumeneko mu 1621. Mzinda wa Banda Aceh, umene unasakazidwa ndi mafunde aakulu a panyanja mu Disembala 2004, dzina lake linachokera ku bandar, liwu la Chiperisiya lotanthauza doko. M'Chisipanishi, m'Chipwitikizi ndi m'Chitaliyana banda ndi gulu, makamaka la oimba. M'Chiswahili banda ndi chisakasa kapena khola, banda la kuku. M'Chihindi ndi m'Chiurdu banda ndi munthu wamba, poyamba linkatanthauza kapolo kapena mtumiki. Ku Central African Republic kuli mtundu wa anthu otchedwa Banda, koma chinenero chawo si cha Chibantu n'komwe.

Ndimamvetsa chifukwa chake funsoli limabwerabwera. Munthu amafuna mfunda wake ukhale ndi mizu yofika kutsidya la nyanja. Koma mbiri ya a Banda ndi a Phiri m'nthawi ya ufumu wa Maravi, ya Kalonga, ya Makewana ku Msinja, ndi yolemera kale, siifunikira kuwonjezera zilumba.

Nanga kaya wa ku Jamaica?

Kumeneko kaya ndi limodzi mwa mayina a chamba, ndipo dziko lonse linalidziwa chifukwa cha chimbale cha Bob Marley cha mu 1978 chotchedwa Kaya. Ameneyu yekha ndiye angakhale ndi njira yeniyeni yochokera ku Africa, koma osati kudzera kwa Atumbuka kapena kwa Azulu. M'Chikongo makaya ndi masamba, ndipo m'Chilingala makaya ndi fodya. Anthu ambiri ochokera kuchigawo cha Kongo anatengedwa kupita ku Jamaica nthawi ya ukapolo, ena anafika ukapolo utatha ngati antchito a kontilakiti, ndipo mwambo wa Kumina kum'mawa kwa chilumbacho ukusungabe mawu a Chikongo mpaka lero. N'chifukwa chake ofufuza ena amaloza kumeneko. Tsamba, fodya, chamba: tanthauzo likuyenda bwino, anthu onyamula liwulo alipo, zombo zimene anakwera zikudziwika. Ngati zili choncho, ndiye kuti m'zinenero za Chibantu zokha muli makaya atatu osiyana, wa mudzi, wa tsamba, ndi wathu uja wa mwana wogwedeza mapewa mpeni utasowa.